Tiyi Wowawa wa Apongozi

Kwathu kumapiri, Naryn
Loweruka, 28 Seputembala

Okondedwa bambo a Tumar,

Ndiyambe ndi moni monga mwa mwambo, ngakhale dzanja likufuna kuthamangira kwina. Muli bwanji ku Moscow kumeneko? Chifuwa chija chinatha, kapena mukunamabe kuti ndi fumbi la simenti chabe? Masokosi aubweya ndinakutumizirani aja mukuvala, kapena mwagawiranso anzanu monga munachitira ndi oyamba aja?

Ine m'thupi ndili bwino. Tumar ali bwino, mano awiri akutsogolo aguluka, ndipo akuti mukadzabwera musadzamuseke. Nkhosa zatsika kumapiri, mbatatesi takumba, udzu wa ziweto tinaunjika mvula isanagwe. Hatchi yodzaphera sadaka yotha chaka ya malemu bambo anu yanenepa moti ikuyenda monyada ngati ikudziwa kuti mudzi wonse ukuyidikira.

Za amayi anu ndasiyira dala kumapeto, chifukwa kalata yonseyi ndi ya iwo.

Mudabwa kuti ndalemba papepala foni ili m'thumba. Mukudziwa kuti m'nyumba muno foni imagwira pawindo la amayi pokha, ndipo mukaimba iwo amakhala pomwepo, khutu lili tcheru. Chinanso, inu mumandidula pakamwa ndisanafike pakati. Pepala simungalidule. Ndalipatsira Maksat, mwamuna wa mng'ono wanga, amene akukwera ndege mawa. Sakudziwa zimene zili m'katimu. Werengani mpaka pansi, kenako mukalipe.

Mukukumbuka mmene munawasiyira amayi atatha masiku makumi anayi a maliro. Ankalira, inde, koma kunali kulira kwa munthu wamoyo. Chigwa chino mpaka lero chimakambabe mmene anabumira tsiku lija m'hema, atatembenukira kukhoma, manja ali m'chiuno, akutchula hatchi iliyonse imene bambo anakwerapo ndi phiri lililonse limene anadyetsako ziweto. Amuna akuluakulu panja ankapukuta m'maso ndi zipewa zawo. Pa kubuma maliro kuno kulibe wofanana ndi amayi. Ngakhale anthu osagwirizana nawo ankawatumizira galimoto pakagwa zovuta.

Chipale chofewa chitatseka msewu wakumtunda, kulira kunatha, ndipo chimene chinalowa m'malo mwake chinali choipa koposa. Amayi anasiya kudzuka. Ankangogona choyang'ana kukhoma, pansi pa msomali uja tinapachikapo chipewa ndi chikoti cha bambo. Buledi ankangomunyema n'kumusiya. Tumar akawakwera pamsana sankamuona n'komwe. Ndinkawasambitsa ngati khanda. Tsiku lina m'mawa anandiuza, mawu ali phee ngati akunena za nyengo, kuti munthu akakhala chete nthawi yaitali mtima umaiwala wokha kugunda, ndipo iwo akungodikira kuti wawo uiwale.

Pafoni ndinkakuuzani kuti ali bwinoko. Limenelo ndilo bodza langa loyamba, ndipo ndilo laling'ono.

Kumapeto kwa Januwale ndinawatengera kutauni, nditawanamiza kuti tikukayezetsa kuthamanga kwa magazi. Tinapeza dokotala wachizimayi, a Cholpon, wamsinkhu wanga womwewu koma wamaso oti sungawanamize kawiri. Anakhala nawo amayi nthawi yaitali, anawayeza magazi, anawafunsa za tulo ndi za chakudya. Kenako anatiuza tonse awiri kuti chisoni n'chisoni, sichifuna mankhwala, koma ichi chapitirira chisoni. Anati ndi matenda, ali ndi dzina, ndipo amapha ngati ena onse.

Poona kuti ndangoti kakasi, anandifunsa ngati ndimabwezera tiyi m'tiipoti ndisanapereke kwa alendo. Ndinati katatu, monga mtengwa aliyense wolangidwa bwino. Ndiye anati muubongo muli timinyewa tosawerengeka tosakhudzana, ndipo kuti kena kauze kanzake uthenga kamathira timadzi pakampata kali pakati pawo, kenako n'kutibwezeranso mwa iko kokha, monga ine ndimachitira ndi tiyi. Timadzito anatitchula kuti serotonini. Mankhwalawa, anatero, amagwira dzanja lobwezalo kuti timadzito tikhalitse m'mbale. Anavomera okha kuti madokotala sadziwa zonse za mmene zimenezi zimadzutsira munthu, koma anati ambiri zimawadzutsa pakapita masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, ubongo ukazolowera. Ndipo ananena kawiri, chala chili m'mwamba, kuti akangoyamba asadzasiye mwadzidzidzi.

Mawu omalizawo ndinawamva ndi makutu onse awiri. Ndalemba dala kuti musadzandikhululukire poganiza kuti sindinauzidwe.

Titangolowa m'nyumba amayi anandilanda kabokosi ka mankhwala kamene adokotala anatipatsa n'kukaponya m'ndowa ya phulusa. "Ine wamisala? Amuna anga amwalira, ndiye ndizimeza timiyala kuti ndiwaiwale? Akamwe yekha mtsikana wa kutauniyo." Atatero anabwerera pamalo pawo paja n'kutembenukira kukhoma.

Ndinakatola kabokosiko m'phulusa.

Bambo a Tumar, m'nyumba muno ine ndilibe mawu. Dzina la bambo anu sindingalitchule, ngakhale kulilemba pano. Ndimakhala kufupi ndi khomo, ndimadzuka woyamba, ndimadya womaliza, ndipo sindinadandaulepo. Koma mtengwa ali ndi chinthu chimodzi chimene palibe wina amachigwira, ndicho tiipoti. Mbale iliyonse ya tiyi m'nyumba muno imadutsa m'manja mwanga. Kuyambira sabata yoyamba ya Febuluwale, m'mawa uliwonse, ndinkaphwanya kam'bulu kamodzi ndi kumbuyo kwa sipuni n'kukathira m'mbale yoyamba ya amayi, pamodzi ndi mkaka, mchere ndi mafuta a mkaka. Ndinalawa kamodzi, n'kumva kuwawa kukubisala pansi pa mcherewo, ndiye ndinawonjeza mchere. Amayi ankalandira ndi manja awiri n'kumwa mpaka pansi, akundiyang'ana pamwamba pa mbale, osanena kanthu.

Mwezi uliwonse ndinkapita ndekha kutauni kukatenga ena, n'kumawauza adokotala kuti amayi akumwa okha bwinobwino koma msewu ukuwavuta. Limenelo ndi bodza lachiwiri.

Sabata yoyamba anachita nseru ndipo ankatuluka thukuta kuli chisanu, moti ndinatsala pang'ono kuleka. Koma pakati pa Malichi, ndikukanda ufa wa buledi, ndinangomva kumbuyo kwanga munthu akuti mtandawo walimba ngati chidendene cha m'busa, kodi kwanu sanakuphunzitse? Anali amayi, ataima, mpango atamanga. Chibadwire sindinakondwerepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo. Anayamba kudya, anatulutsa ubweya n'kuyamba kusoka mkeka wa Tumar. Inu pafoni munathokoza mapemphero a shehe, n'kulamula kuti tiphe nkhosa. Ndinaseka chamumtima, nyamayo n'kudya nawo.

Mu Meyi anandiitana, anavula ndolo zawo zasiliva zija, za amayi awo, n'kundiveka ndi manja awo. Nditafunsa kuti n'zachiyani anati, "N'za tiyi wako." Ndinaganiza kuti akuyamikira mchere.

Zinayamba kupotoka mu Juni, atamwalira amuna a mayi Burul. Mukuwadziwa mayi Burul a kutsidya kwa ngalande, mnzawo wa amayi kuyambira ali atsikana. Anatumiza uthenga kuti palibe wina adzatsegule kulira koma amayi. Tinapita. Amayi anakhala pamalo pake, anatembenukira kukhoma la hema, manja m'chiuno, n'kuyamba.

Mawu onse analipo, okongola kuposa kale. Anatchula nkhosa za malemuwo, anatchula chitsime chimene anakumbira mudzi. Koma liwu linali lathyathyathya, ngati la mlembi woitana mayina pachipatala. M'maso munali gwa. Azimayi amene ankadikira kuti alandire nyimboyo anayamba kuyang'anana. Ndiye pakati penipeni pa mawu, pamene ankatchula ana amasiye, amayi anayasamula. Sikunali kuyasamula kobisa ayi, kunali kwakutali, kofika mpaka kumapeto. M'hema monse munangoti zii, moti ndinkamva ntchentche ikugunda pansalu.

Pambuyo pake ndinakawerenga kapepala ka m'kabokosi kaja. Kuyasamula kunalembedwamo, pakati pa nseru ndi thukuta. Koma ndikanauza ndani?

Mayi Burul sanadikire kuti anthu abalalike. Anawagwira amayi pamkono panja pa hema n'kuti, "Iwe, pa maliro a mwamuna wako ine ndinalira mpaka mawu anandithera masiku atatu. Wangayu wamuyasamulira? Unali ndi tulo bwanji osakagona kwanu?"

Amayi sanakwiye, sanachite manyazi, ndipo chimenecho ndicho chinandiopsa. Tikubwerera anaima pamlatho wa ngalande n'kundiuza kuti, "Mtengwa, m'kati mwangamu wina wasesamo." Anati bambo amawakumbukira bwinobwino, chipsera cha padzanja, mmene ankatsokomolera asanalowe m'nyumba, koma zili ngati akuyang'ana mwamuna wa eni ake pawindo. Anati amafufuza pamalo pamene pankapweteka paja n'kupeza pali see. Tumar atadzicheka chala ndi mpeni, amayi anamumanga bwinobwino, nkhope osasintha, ngati akumanga thumba la ufa.

Nkhani inali m'kamwam'kamwa. Ena ankati aiwala mwamuna chaka chisanathe. Ena ankati mzimu wawo unatsagana kale ndi bambo ndipo chikuyendachi n'chikhoti chabe. Galimoto za maliro zinasiya kuima pakhomo pathu. Aliyense ankati tidzaonera pa sadaka, chifukwa tsiku limenelo mkazi wamasiye amabuma komaliza asanavule zakuda, ndipo akapanda kugwetsa msozi manyazi amakhala a banja lonse. Bambo anu aang'ono anabwera dala, anamwa tiyi mbale zinayi, n'kundinong'oneza pakhomo kuti tsikulo ndidzawaikire anyezi m'mpango.

Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandigonjetsa ndi amayi eni ake. Lachinayi lina tikukazinga timandasi kuti fungo la mafuta lifikire akufa monga timachitira, anayang'ana chipewa chija n'kufunsa, osati ine kwenikweni, kuti akadzakumana ndi bambo n'kufunsidwa kuti unandilira bwanji, adzayankha chiyani.

Ndinayenera kupita kwa adokotala tsiku lomwelo. Koma kupita kunali kukaulula za sipuni. Ndiye ndinakhala pansi ndi nzeru zangazanga n'kuwerenga masabata. Ndinati ndisiye mankhwala masabata asanu sadaka isanafike, misozi ibwerere, alire pamaso pa anthu, avule zakuda, kenako ndiyambirenso mwakachetechete. Ndinadziona wochenjera kwambiri. Lolemba pa 9 mwezi uno ndinawapatsa tiyi wopanda kanthu.

Walira mvula walira matope. Masiku atatu kunalibe chilichonse. Lachinayi masana, dzuwa likuwala pawindo, mafuta akuwira, amayi anali pagome akudula mtanda wa timandasi. Anatembenuza maso okha, mutu osasuntha, kuyang'ana kukhoma kuli msomali. Pomwepo thupi lonse linadzidzimuka, mpeni unagwa, ndipo anagwira kunkhongo.

"Andikwapula," anatero.

Ndinafunsa kuti ndani. Analoza ndi chibwano. Chikoti chinali lende pamalo pake, chosagwedezeka n'komwe, fumbi lili pachigwiriro. Anati amva kuti shwii m'kati mwa mutu, kuchokera khutu ili kufika linali, ngati mphezi yaing'ono, mpaka m'nsonga za zala. Anayang'ana pansi, kenako anatembenuzanso maso kukhoma, ndipo anadzidzimukanso. Ndiye anamwetulira, kumwetulira kwenikweni kumene ndinali ndisanakuone chimwalirire bambo, misozi n'kuyamba kutsika.

"Abwera, mtengwa. Akwiya, koma abwera."

Timandasi tinapserera m'mafuta.

Kuyambira tsiku limenelo amayi amakhala moyang'anana ndi khomalo, n'kumatembenuza maso dala kuti akwapulidwe. Amayenda chogwira makoma, akuti pansi pakupendama ngati ali pahatchi. Misozi ndinkaifuna ija yabwera yosaphweka, amalira ngakhale sipuni ikagwa. M'mawa uliwonse pa tiyi amandifotokozera maloto, ndipo ndi amodzimodzi: bambo aima kutsidya kwa mtsinje ndi hatchi ziwiri, ina ili ndi chishalo chimene amayi anakwerapo tsiku la ukwati wawo. Amafotokoza mpaka mtundu wa zingwe.

Mayi Burul atamva anabwera, anawaona akulira, ndipo anakumbatirana n'kukhululukirana. Mudzi wonse unati amayi achira. Koma tsiku lachitatu lake ndinawapeza awiriwo atayala nsalu yoyera yokulungira mtembo pansi, akuyeza ndi mikono. Mayi Burul si munthu woipa. Amakhulupirira ndi mtima wonse kuti mwamuna akabwera kudzatenga mkazi wake, mnzake weniweni amathandiza kulongedza.

Mudzafunsa chifukwa chake sindinabwezere mankhwala m'tiyi pomwepo. Ndinkati mawa zichepa. Ndinkatinso sadaka yayandikira, angotsala pang'ono kulira pamaso pa anthu. Ndipo kunena zoona ndinayamba kuiopa sipuni ija.

M'malo mwake ndinachita zachibwana. Amayi ali kukhola ndinachotsa chikoti pamsomali n'kukachibisa m'bokosi la kuchipinda kwathu, pansi pa chikhoti chanu chaukwati. Atalowa sanayang'ane n'komwe kumsomali. Anakhala pansi, anatembenuza maso kuyang'ana chitseko cha chipinda chathu, anadzidzimuka, n'kunena mofatsa kuti, "Asamuka. Wawatsekeranji m'bokosi, muli mdima?"

Ndikudziwa mudzati anandiona pawindo. Inenso ndimadziuza zomwezo. Koma windo la kuchipinda kwathu siliyang'ana kukhola. Ndinachibwezera pamsomali, ndipo sindinachigwirenso.

Lachiwiri lapitali masana ndinachokera kokatunga madzi n'kupeza nsapato za amayi zili pakhomo, zitaikidwa bwinobwino moyandikana, eni ake kulibe. Ndinathamangira kumtsinje osadziwa amene wandiuza. Ndinawapeza ali m'madzi ofika m'mawondo, madzi aja ochokera ku chipale chofewa cha kumapiri oti dzanja silipirira, diresi lakuda likuyandama mowazungulira. Ankayang'ana kutsidya, kumene kulibe china koma miyala ndi zitsamba zaminga. Atandimva anati bambo akuti pano m'posaya.

Ndinalowa ndi nsapato zomwe, ndinawagwira lamba n'kuwakoka, ine mtengwa kukoka apongozi ngati mwana wa ng'ombe. Sanalimbane nane. Tili pamtunda, milomo itachita bii ndi kuzizira, anandisisita patsaya n'kuti ndisade nkhawa, bambo avomera kudikira mpaka sadaka. Akuti avule kaye zakudazi, sangapite nazo.

Sadaka ndi pa 12 Okutobala. Atsala masabata awiri.

Lachitatu ndinasiya mayi Burul pakhomo n'kupita kwa adokotala. Ndinaulula zonse, kuyambira ndowa ya phulusa. A Cholpon anandisambitsa chokweza, ndipo anali ndi chifukwa. "Munthu wamkulu, wanzeru zake, mwamumwetsa mankhwala miyezi isanu ndi iwiri ngati nkhosa? Ndiye n'kumusiya padera ngati mukuzimitsa wailesi?" Ndinangoyang'ana matope a pansapato zanga.

Mtima utatsika anandifotokozera. Anati miyezi yonseyi ubongo wa amayi unazolowera kuti dzanja lobweza lija n'logwidwa, ndipo unakonza zinthu zake zonse motengera zimenezo. Kulimasula tsiku limodzi kuli ngati kuchotsa mwala pansi pa mphika uli pamoto. Anati kukwapula kwa m'mutuko amakudziwa, odwala ambiri osiya mwadzidzidzi amakunena, ena amati magetsi, ena amati mphezi, ndipo kumabwera makamaka munthu akatembenuzira maso kumbali. Chizungulire, maloto ooneka ngati enieni, kulira kosaleka, zonsezo n'zomwezo. Kuuma kwa misozi kuja nakonso amakudziwa, ndipo ndikanangonena mu Juni akanachepetsa mlingo kapena kusintha mtundu wa mankhwala. Mawu amenewo anandilasa kuposa kukalipa konse kuja.

Koma za mtsinje nkhope yawo inasintha. Anati chimenecho si kukwapula chabe, ndi matenda aja akubwerera, ndipo tsopano apeza munthu woti ali ndi mphamvu zoyendera. Anati amayi asasiyidwe okha ngakhale kanthawi kotungira madzi. Ayenera kuyambiranso mankhwala pang'onopang'ono, adokotala akuwaona, koma amwe ndi dzanja lawo akudziwa chimene akumwa. Anati sipuni yanga sadzaipatsanso kanthu. Lolemba akubwera kuno okha ndi galimoto ya katemera, ndipo amayi akakana zonse adzayenera kuwagoneka kuchipatala, kufuna kapena kusafuna.

Lachinayi ndi Lachisanu ndinkatsegula pakamwa n'kutsekanso. Mtengwa amayamba bwanji kuuza apongozi kuti ndinkakuthirirani zinthu m'tiyi?

Sindinayambe ndine. Lero m'mawa ndinawapatsa mbale yawo. Anapsontha kamodzi, anaigwira ndi manja awiri, n'kundiyang'ana pamwamba pake monga amachitira.

"Lero ndi tsiku la makumi awiri tiyi wako asakuwawa," anatero.

Tiipoti inatsala pang'ono kundipulumuka. Anaseka pang'ono n'kuti akhala akumwa tiyi zaka makumi asanu ndi limodzi, kodi ndinkayesa kuti mchere ungawapusitse? Anati anadziwa kuyambira mbale yoyamba. Koma za kabokosi kaja sanaganizeko n'komwe, ankayesa kuti kanapita ndi phulusa. Iwo ankaganiza kuti ndatopa kusambitsa mtembo wopuma, ndiye ndapeza kutauni kanthu kogwira pang'onopang'ono, koti kawaperekeze popanda kuchititsa banja manyazi.

"Sindinakudandaule, mwananga. Ndinkati mwana uyu ngwachifundo, akundichitira chimene ine ndikuopa Mulungu kudzichitira. N'chifukwa chake ndinkamwa mpaka pansi."

Anati pamene anayamba kudzuka ndi kudya ankayesa ndi mmene kanthuko kamagwirira, kuti kamayamba kasesa mumtima kenako n'kumaliza thupi. Kenako anandifunsa, mokoma mtima ndithu, kuti nanga ndinasiyiranji, kodi ndinachita mantha?

Bambo a Tumar, ndolo zija zili m'makutu mwanga pamene ndikulemba pano. Miyezi isanu ndi iwiri amayi anu ankandiyang'ana m'maso m'mawa uliwonse, akukhulupirira kuti ndikuwapha, n'kumandithokoza. Ine n'kumadzitama kuti ndikuwapulumutsa. Tinkakhala pagome limodzi, mbale ikuchoka m'manja mwanga kupita m'manja mwawo, ndipo palibe ankadziwa chimene mnzake akupereka kapena kulandira.

Ndinagwada n'kunena zonse. Ndinabweretsa kabokosi koyamba kaja, phulusa likadali m'makona mwake. Ndinafotokoza za timadzi tobwezedwa, za kuyasamula, za misozi, za zimene adokotala anena. Anamvetsera osandidula, kusiyana ndi mwana wawo. Nditamaliza anatembenuza maso pang'onopang'ono kukhoma, ndipo ndinaona thupi lawo likudzidzimuka.

"Nanga amenewa ndani?" anafunsa.

Ndinati palibe, amayi. Ndinati ndine ndinachititsa.

Kenako anati ndawalanda mwamuna kawiri, koyamba pomuchotsa mumtima mwawo, kachiwiri pomuchotsa pakhoma. Sanakweze mawu. Ndikanakonda akanandimenya ndi chikoticho.

Pomaliza ananena chimene chandilembetsa kalatayi. Anati za mtengwa samva, za mtsikana wa kutauni samva. Abwere mwana wawo, aime pansi pa msomali, achotse chikoti cha bambo ake ndi dzanja lake poti tsopano n'chake, ndipo awauze m'maso kuti bambo sakuwaitana. Mukatero, akuti adzamwa kam'bulu kochokera m'chikhatho chanu ndipo adzapita kwa adokotala ndi miyendo yawo. Mukapanda kubwera, akuti adziwa woti amukhulupirire, poti winayo ndiye amabwera tsiku lililonse.

Ndiye bwerani. Musadikire tsiku la sadaka kuti mudzafike pamodzi ndi alendo, mutanyamula maswiti. Bwerani sabata ino. Abwana anu akakana, asiyireni simenti yawoyo, makoma a ku Moscow sadzatha. Sindikufuna kuti amayi anu akwezedwe m'galimoto mogwidwa manja, mudzi wonse ukuonerera, pamene mawu anu okha angawayendetse. Ngati mukufuna kundibweza kwa makolo anga chifukwa cha zimene ndachita, mudzandibweze pambuyo pake, ndipo sindidzatsutsa kwambiri. Koma mudzayambe mwaima pansi pa msomali uja.

Mayi Burul ndawauza zonse masana ano. Ananditchula dzina loti sindingalilembe, kenako anapinda nsalu yoyera ija, anaikhalira, n'kukhala pachipata ndi ubweya wawo wopota. Akuti mnzawo akafuna kupita kumtsinje adzayamba wawalumpha iwo. Ine ndasamutsira mphasa yanga pakhomo la chipinda cha amayi.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a kumsika ndi ana awo, ndi kwa onse akwathu amene mumagona nawo nyumba imodzi. Musawauze kanthu, adzamva pa nthawi yake. Maksat mumupatse tiyi, wayenda ulendo wautali ndi katundu wolemera osadziwa. Tumar akuti mumubweretsere mapensulo amitundumitundu, koma mukaiwala sadzakwiya, bola mubwere. Mulungu akutsegulireni njira, akusungeni m'mwamba ndi pansi, ndipo mzimu wa bambo ukhale wokhutira nafe, kulikonse kumene uli.

Mawa m'mawa ndithiranso tiyi wopanda kanthu. Amayi amwa akundiyang'ana, kenako atembenuzira maso kukhoma, ndipo ine ndikhala pakati pa iwo ndi chitseko mpaka mutalowa.

Ndine mkazi wanu,
Saltanat